Mbira ya m'phiri ndi msuweni wa njovu: mmene asayansi amagawira nyama m'magulu

Pali tinyama tiwiri timene pa Chichewa timatitchula ndi dzina limodzi, mbira. Kena ndi kaja kamawothera dzuwa pamiyala ya m'mapiri, kamene kakangoona munthu kamalowa m'ming'alu ya thanthwe. Kena ndi kaja ana amaweta m'kakhola kuseri kwa khitchini, n'kumakapatsa udzu ndi makoko a nthochi. Amene anabwereka dzina la koyambako n'kulipereka kwa kachiwiriko anali ndi maso ndithu, chifukwa tonse ndi tatifupi, tonenepa, ta makutu aang'ono, ndipo mchira suoneka. Koma mukafunsa katswiri wa zamoyo adzakuuzani kuti ubale wa tiwiriti ndi wakutali kwambiri. Mbira yoweta kwawo ndi ku South America, ndipo achibale ake kuno ndi nungu ndi nchenzi. Mbira ya m'phiri achibale ake apafupi amene ali moyo lero ndi njovu, komanso zinyama zina za m'madzi zodya udzu, zotchedwa dugong ndi manatee.

Munthu akamva koyamba amaseka. Kanyama kolemera makilogalamu anayi kangakhale bwanji pachibale ndi chinyama cholemera matani asanu? Kuti yankho limveke, tiyenera kudziwa kaye funso limene asayansi amafunsa pogawa nyama, pakuti ndi losiyana ndi limene chilankhulo chathu chimafunsa.

Ife timagawa potengera ntchito. Mawu akuti nyama amatanthauza cholengedwa choyenda m'tchire komanso ndiwo ya m'mbale, ndipo si mwangozi. Gwape ndi nyama. Fisi, ngakhale ali ndi ubweya ndi miyendo inayi, ambiri amutcha chilombo. Osaka mbewa amamuika sakhwi pa mpani umodzi ndi mbewa zina. Chilichonse chaching'ono chokwawa kapena choluma ndi kachilombo, kuyambira nsabwe mpaka kamene kamayambitsa chifuwa chachikulu. Nyongolotsi za m'matumbo timati njoka za m'mimba. Kagawidwe aka kamayankha bwino mafunso a mlenje ndi a mayi wophika: chimadyedwa kodi, chimapweteka kodi, chimakhala kuti? Ndi mmenenso zilili m'buku la Levitiko, mutu 11, momwe mleme walembedwa pamodzi ndi mbalame zosayenera kudyedwa. Wasayansi wa lero akufunsa china. Iye akufuna kudziwa kuti ndani anabadwa kwa yani.

Kuchokera pa mndandanda kufika pa mzere wobadwira

Aristotle, ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anagawa nyama pawiri, zamagazi ndi zopanda magazi, ndipo anali ataona kale kuti ma dolphin, nyama za m'nyanja zooneka ngati nsomba, amabereka ana amoyo n'kumawayamwitsa. Koma dongosolo limene lili m'mabuku a sukulu lero linayamba ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anasindikiza buku lake la Systema Naturae mu 1735 n'kumalikonza moyo wake wonse. Iye ndiye anakhazikitsa zoti mtundu uliwonse uzikhala ndi mayina awiri a Chilatini, loyamba la kabanja kake, lachiwiri lakelake, monga Homo sapiens kwa munthu. Kope lakhumi la bukulo, la mu 1758, ndi pamene mayina onse a nyama ovomerezeka amayambira kuwerengedwa. M'kope lomwelo anachotsa anamgumi m'gulu la nsomba n'kuwaika pamodzi ndi ng'ombe ndi anthu m'gulu limene analitcha Mammalia, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza bele.

Linnaeus anali ndi magulu asanu ndi limodzi okha: zoyamwitsa, mbalame, nsomba, tizilombo ta miyendo, gulu la achule ndi abuluzi ndi njoka, ndi lomaliza limene analitcha Vermes, kutanthauza nyongolotsi. Lomalizali linali ngati dengu la pakhomo lomwe amaponyamo chilichonse chosowa malo. Nkhono, misundu, nyama zofewa za m'nyanja zamchere monga octopus ndi jellyfish, zonse zinali mmenemo. Jean-Baptiste Lamarck ndi Georges Cuvier ku Paris ndi amene anayamba kulikhuthula dengulo, ndipo pofika mu 1817 Cuvier anali atagawa nyama zonse m'nthambi zinayi potengera kamangidwe ka thupi.

Chimene onsewa anaona, koma sanathe kuchifotokoza, n'chakuti magulu amalowana ngati miphika yosanjikiza. Mkango ndi kambuku zili m'gulu la amphaka, amphaka ali m'gulu la zodya nyama pamodzi ndi agalu ndi afisi, zonsezi zili m'gulu la zoyamwitsa, zoyamwitsa zili m'gulu la zamsana. Simudzapeza nyama ya nthenga imene imayamwitsa. Charles Darwin mu 1859 anapereka chifukwa chake: magulu amalowana choncho chifukwa ndi mabanja enieni, ochokera kwa kholo limodzi, amene akhala akugawikana ndi kusintha m'mibadwo yosawerengeka. M'buku lake lonse munali chojambula chimodzi chokha, mtengo wa nthambi.

Aliyense amene anakhalapo pa bwalo polowa ufumu amaidziwa ntchito imeneyi. Akuluakulu safunsa kuti ndani akufanana nkhope ndi malemu. Amawerenga mabele: uyu ndi wa bele lalikulu, uyu wa bele laling'ono, onse amakumana pa gogo uje. Mlendo wofanana nkhope ndi mfumu sakhala wa mbumba chifukwa cha nkhopeyo. Willi Hennig, katswiri wa ntchentche wa ku Germany amene anayamba kulemba maganizo ake ali mkaidi wa nkhondo, anaika lamulo lofanana ndi limeneli m'sayansi mu 1950. Gulu loona liyenera kukhala kholo limodzi ndi zidzukulu zake zonse, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Ndipo umboni wa ubale ndi chizindikiro chatsopano chimene chinayamba ndi khololo n'kutsikira kwa ana, monga mkaka kapena nthenga. Kufanana kobwera chifukwa cha kakhalidwe kokha sikuwerengedwa. Mleme ndi njiwa zonse zimauluka, koma mukatambasula phiko la mleme mupeza zala zinayi zazitali zokutidwa ndi chikopa ndi kachala kakang'ono ka chikhadabo, pa mkono wa mafupa ofanana ndi anu.

Kuyambira m'ma 1990 kunabwera mboni ina, DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga malangizo omangira thupi. Malangizo omangira thupi amakopedwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo pokopapo pamalowa tizolakwika tating'ono timene timatsikira kwa zidzukulu. Mitundu iwiri ikakhala ndi tizolakwika tambiri tofanana pamalo amodzimodzi, ndiye kuti inatitenga kwa kholo limodzi. Mphunzitsi amagwira ana okoperana mayeso mwa njira yomweyo, poona kuti alakwitsa mofanana.

Tsinde la mtengo

Mitundu ya nyama imene yapatsidwa mayina ndi yopitirira 1.5 miliyoni, ndipo imagawidwa m'magulu akuluakulu oposa 30. Gulu lililonse, lomwe m'mabuku amati phylum, lili ndi kamangidwe kake ka thupi. Zamsana zonse, kuyambira usipa mpaka munthu, ndi mbali chabe ya gulu limodzi mwa amenewa, ndipo sizifika ngakhale magawo asanu pa 100 aliwonse a mitundu yonse.

Kwa wasayansi, nyama ndi chamoyo cha maselo ambiri chimene chimadya zamoyo zinzake, chimene maselo ake alibe khoma lolimba ngati a zomera, ndipo chimayamba moyo ngati kampira ka maselo kobooka mkati. Potengera DNA, bowa ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Achibale apafupi kwambiri a nyama zonse ndi tamoyo ta selo imodzi ta m'madzi totchedwa choanoflagellates, tokhala ndi kamchira kozunguliridwa ndi kakolala kogwirira chakudya. Tina mwa ito timadziphatika pamodzi n'kupanga timagulu. Mu 1866 Henry James-Clark wa ku America anaona kuti maselo a mkati mwa siponji ya m'madzi akufanana ndi tamoyo timeneti.

Siponjiyo ndi nyama, ngakhale ilibe pakamwa, mitsempha kapena minofu. Imangokhala pamwala n'kumasefa madzi. M'nyanja ya Malawi muli yake, yotchedwa Malawispongia. Kwa zaka zambiri aliyense ankavomereza kuti nthambi ya siponji ndiyo inayamba kupatuka pa mtengo wa nyama, koma kuyambira 2008 kafukufuku wina wa DNA wakhala akuloza gulu lina la tinyama ta m'nyanja zamchere toonekera mkati ngati galasi, totchedwa comb jellies. Mkanganowo ukadali wa moto, ndipo si wachabe, chifukwa tinyamati tili ndi mitsempha. Ngati ndi ito tinayamba kupatuka, ndiye kuti mwina mitsempha inayamba kawiri paokhapaokha, kapena makolo a siponji anali nayo n'kuitaya.

Kenako pakubwera jellyfish ndi abale ake omanga miyala ya korali, a thupi lozungulira ngati lichero, okhala ndi khomo limodzi lolowera chakudya ndi kutulukira zotsala. Nyama zina zonse, pafupifupi 99 pa 100, zili ndi mutu ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Cholengedwa choyenda cholunjika mbali imodzi chimapindula maso, pakamwa ndi ubongo zikasonkhana kutsogolo, ndipo mutu unayamba motero.

Miyala ikuti chiyani za nthawi? Dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo kwa nthawi yaitali kwambiri munali tamoyo tosaoneka ndi maso tokha. Mu 1946 Reginald Sprigg anapeza zidindo za zamoyo zofewa m'miyala ya ku mapiri a Ediacara ku Australia. Zina zikuoneka ngati masamba, zina ngati mphasa yopota. Chimodzi mwa izo, Dickinsonia, cha zaka 558 miliyoni, anachipeza mu 2018 chili ndi zotsalira za mafuta a mtundu umene nyama zimapanga. Kumwera kwa Namibia kuli miyala ya zaka pafupifupi 550 miliyoni yokhala ndi timachubu totchedwa Cloudina, tina mwa zigoba zoyambirira padziko. Zigoba zina zotere zili ndi timabowo tobooledwa kuchokera kunja, kusonyeza kuti kudyana kunali kutayamba.

Nyengo yotchedwa Cambrian inayamba zaka pafupifupi 539 miliyoni zapitazo, ndipo m'zaka 20 miliyoni zotsatira magulu akuluakulu ambiri a lero amaonekera m'miyala. Kuonekera kwawo mwadzidzidzi kunamuvutitsa Darwin. Malo awiri ndi amene atiphunzitsa zambiri: Burgess Shale ku Canada, amene Charles Walcott anawapeza mu 1909, ndi Chengjiang ku Yunnan, China, amene anapezeka mu 1984. Kumeneku matope anakwirira nyama mofulumira moti maso ndi matumbo zinasungika. Zina ndi zachilendo kwambiri moti kanyama kena, Hallucigenia, anakajambula chadodolido mu 1977, minga ya kumsana akuiyesa miyendo, mpaka ena anakatembenuza mu 1991. Ku Chengjiang komweko kuli kanyama konga nsomba, kotalika ngati kachala, kotchedwa Haikouichthys, ka zaka 518 miliyoni. Ndi kamodzi mwa zamsana zakale kwambiri zodziwika. Zifukwa za kuchuluka kwadzidzidziku zimene akatswiri amatchula zimathandizana: mpweya wa okosijeni unawonjezeka m'nyanja, zodya zinzake zinakakamiza zodyedwa kupeza zigoba ndi maso, ndiponso majini (tizigawo ta malangizo a mu DNA) otchedwa Hox, amene amauza mluza kuti apa pakhale mutu apa pakhale mchira, anali alipo kale. Majini omwewo akugwira ntchito mwa ntchentche ndi mwa munthu. Mu 1995 gulu la Walter Gehring ku Basel linasonyeza kuti jini ya mbewa yoyambitsa diso, ikaikidwa mwa ntchentche, imameretsa diso la ntchentche pamalo pomwe sipayenera kukhala diso.

Nyongolotsi zitatu, mabanja atatu

Nyama za kumanja ndi kumanzere zinagawikana pawiri kalekale, ndipo kusiyanako kumaoneka pa mluza. Kampira ka maselo kaja kamabooka pamalo amodzi poyamba kupanga matumbo. Mwa nyama zambiri za nthambi yoyamba bowolo limadzakhala pakamwa. M'nthambi yachiwiri limadzakhala kotulukira chimbudzi, pakamwa n'kubooka pambuyo. Ife tili m'nthambi yachiwiriyi, pamodzi ndi starfish, kanyama ka m'nyanja zamchere kooneka ngati nyenyezi.

Nthambi yoyamba ndiyo yodzaza kwambiri, ndipo ndi kumene DNA inagwetsa zambiri za m'mabuku akale. Taganizani za nyongolotsi ya m'dimba, njoka ya m'mimba yozungulira ija ana amamwera mankhwala kusukulu, ndi kanyongolotsi ka likodzo. Maso amati ndi banja limodzi. Kale ankaphunzitsanso kuti nyongolotsi ya m'dimba ndi m'bale wa bongololo chifukwa zonse zili ndi thupi la mfundomfundo. Kafukufuku wa mu 1997 anasonyeza zina. Njoka ya m'mimba ili mbali imodzi ndi ziwala, nkhanu ndi akangaude, gulu la nyama zimene zimakula pofundula chikopa chakunja. Nyongolotsi ya m'dimba ndi msundu zili mbali imodzi ndi nkhono ndi octopus. Kanyongolotsi ka likodzo kali m'gulu lachitatu, la nyongolotsi zaphwatalala, lomwe lili ku mbali ya nkhono zomwezo zimene kamakuliramo kasanalowe pakhungu la munthu.

Pa zofundula, gulu la zokhala ndi chigoba kunja ndi miyendo ya mfundo ndilo lalikulu kuposa onse padziko. Muli akangaude, zinkhanira ndi nkhupakupa za miyendo isanu ndi itatu. Mulinso abongololo ndi anamkalizi. Mulinso nkhanu ndi abale ake. Ndi tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi, tomwe mitundu yake yodziwika ndi pafupifupi 1 miliyoni. Banja la nankafumbwe ndi ziphaniphani lokha lili ndi mitundu pafupifupi 400,000. DNA ikusonyeza kuti tizilomboti ndi mphukira ya banja la nkhanu imene inatuluka m'madzi. Ndi ito timene tinayamba kuuluka, zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, mbalame kusanabwere, ndipo achibale ena akale a tombolombo mapiko awo ankatambasuka masentimita 70.

Okonda ngumbi apirire ndi iyi. Chiswe chimakhala m'chulu ndi make ngati nyerere, koma si m'bale wa nyerere. Nyerere ndi linthumbu ndi abale a njuchi ndi mavu. Chiswe, malinga ndi kafukufuku wa DNA wa mu 2007, ndi mphemvu imene inaphunzira kudya mitengo ndi kukhala m'magulu.

Zamsana

Zamsana zoyamba zinalibe nsagwada. Nsagwada zinabwera zaka zoposa 430 miliyoni zapitazo, ndipo pambuyo pake panapatuka nthambi ya shaki, ya mafupa ofewa, ndi nthambi ya nsomba za mafupa olimba. Yachiwiriyi inagawikananso. Mbali ina ndi nsomba za zipsepse za minga, mitundu yoposa 30,000, kuphatikizapo chambo, mlamba ndi matemba. Mbali inayo ndi nsomba za zipsepse za mnofu zokhala ndi mafupa mkati, ndipo zatsala zochepa. Ina ndi coelacanth, imene ankaidziwa m'miyala mokha mpaka mu Disembala 1938, pomwe Marjorie Courtenay-Latimer anaiona pa nsomba zimene bwato lina linabweretsa ku East London, South Africa. Ina ndi nsomba ya mapapo imene imapezeka m'madambo a kumunsi kwa mtsinje wa Shire, ija imadzikwirira m'matope madzi akaphwa n'kumapuma mpweya mpaka mvula itabwera.

Apa ndi pamene lamulo la Hennig limapweteka mutu. Nyama zonse za miyendo inayi zinachokera m'nthambi ya zipsepse za mnofuyi. Choncho nsomba ya mapapo ija ili pafupi ndi ng'ombe kusiyana ndi chambo, ndipo mawu akuti nsomba, ngakhale ndi othandiza pamsika, si dzina la banja lathunthu pokhapokha ife tomwe titalowamo. Mu 2004 Neil Shubin ndi anzake anapita ku chilumba cha Ellesmere, kumpoto kwa Canada, atawerengera kuti miyala ya m'mitsinje yakale ya zaka 375 miliyoni ndiyo iyenera kusunga cholengedwa chapakati. Anapeza Tiktaalik, ya mamba ndi zipsepse, koma ya mutu waphwatalala, khosi, ndi mafupa a phewa, chigongono ndi poyambira dzanja mkati mwa chipsepse.

Achule sanamasuke kwenikweni ku madzi, mpaka lero amabwerera kukaikira mazira kudambo. Chimene chinatsegula mtunda wouma ndi dzira lokhala ndi madzi akeake mkati mwa nembanemba, limene linayamba zaka pafupifupi 320 miliyoni zapitazo. Nsupa imene imasweka mayi akayamba kubereka ndi nembanemba yomweyo. Eni dzira limeneli anagawikana pawiri msanga. Nthambi ina inatsogolera ku zoyamwitsa, ndipo mafupa a makolo ake akale amapezeka mochuluka ku Karoo ku South Africa, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi, m'miyala ya zaka zoposa 252 miliyoni. Mukawasanja motsatana zaka, mumaona mafupa a kumbuyo kwa nsagwada akucheperachepera mpaka kusamukira m'khutu, komwe lero ndi awiri mwa timafupa titatu timene timamvera.

Nthambi inayo ndi ya akamba, abuluzi, njoka, ng'ona ndi mbalame. Njoka ndi abuluzi amene anataya miyendo, ndipo nsato ikadali ndi tizikhadabo tiwiri chakumchira, zotsalira za miyendo yakumbuyo. Ng'ona ikuoneka ngati ng'azi yaikulu, koma m'bale wake wapafupi wamoyo ndi nkhuku. Zonse zili ndi mtima wa zipinda zinayi, zimasamala mazira, ndipo ana amayamba kulira akadali m'chigoba. Pakati pa ng'ona ndi mbalame pali zinyama zakalekale zotchedwa ma dinosaur. Archaeopteryx, imene inapezeka ku Germany mu 1861, inali ndi nthenga komanso mano ndi mchira wa mafupa, ndipo kuyambira 1996 ku Liaoning, China, kwafukulidwa ma dinosaur ambiri a nthenga. Mbalame ndi ma dinosaur amene anapulumuka chimwala cha mlengalenga chitagwa ku Yucatán, Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo. Amene afika ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga aona chigoba cha Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chimene mafupa ake anafukulidwa ku Mwakasyunguti, cha zaka zoposa 100 miliyoni. Icho ndi cha nthambi ina ya ma dinosaur, yodya masamba, osati imene inabala mbalame. M'miyala yomweyo munapezeka kang'ona kakang'ono ka pamtunda ka mano onga a nyama yoyamwitsa, Malawisuchus, komwe Elizabeth Gomani anakafotokoza mu 1997.

Eni nthaka ndi obwera

Zoyamwitsa zilipo mitundu pafupifupi 6,500, m'nthambi zitatu. Platypus ndi echidna, za ku Australia ndi New Guinea, zimaikira mazira koma zimayamwitsa. Kangaroo ndi abale ake amabereka kamwana kanthete kamene kamakulira m'thumba. Zotsalazo zimakulitsa mwana m'chiberekero, akudya kudzera mu nsengwa.

Tsopano tibwerere kwa mbira. Zizindikiro zinalipo kale kwa oyang'anitsitsa: mano ake awiri akutsogolo a m'mwamba amakula osaleka ngati timinyanga, ndipo minyanga ya njovu ndi mano a pamalo omwewo, zala zake zili ndi zikhadabo zaphwatalala, ndipo mwa mphongo za mitundu yonse iwiri ziwalo zopanga umuna zimakhala mkati mwa mimba. DNA inatsimikiza ubalewu n'kuwonjezera achibale ena amene palibe ankawayembekezera, monga nengo ndi sakhwi. Mu 1998 gulu lonseli linapatsidwa dzina lakuti Afrotheria, zinyama za mu Africa. Kwa zaka mamiliyoni ambiri Africa inali chilumba, ndipo zidzukulu za kholo limodzi zinadzaza malo onse: ina yofukula chiswe, ina yothamanga m'tinjira ta m'masamba, ina yothyola nthambi. Africa itagundana ndi Asia, zaka pafupifupi 20 miliyoni zapitazo, makolo a mikango, afisi ndi agwape analowa kuchokera kumpoto, ndipo a mbidzi anafika mochedwa kwambiri. Sakhwi amene timamuyesa mbewa ndi wa fuko la njovu, pomwe mkango wa pa chizindikiro cha boma ndi mdzukulu wa obwera.

Mvuu nayo ankaiika pafupi ndi nkhumba. DNA inati ayi, m'bale wake ndi namgumi. Akatswiri a mafupa anakana mpaka mu 2001, pomwe ku Pakistan kunafukulidwa anamgumi akale a miyendo inayi, a zaka pafupifupi 47 miliyoni, okhala ndi fupa la kakolo la mtundu umene umapezeka mwa mbuzi, ng'ombe ndi mvuu zokha ndi abale awo.

Munthu, Linnaeus yemweyo anamuika pamodzi ndi anyani. Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti, ngati tinachokera kwa anyani, bwanji anyani akadalipo? Sayansi sinena kuti nyani wa m'munda wa chimanga ndi gogo wa munthu. Imati ndi msuweni, ndipo kubadwa kwanu sikunaphe asuweni anu. Mzere wathu ndi wa chimpanzi unapatukana zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo ndi wa nyani kalekale kuposa pamenepo. Nsagwada ya munthu wakale imene inapezeka ku Uraha, ku Karonga, mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndi imodzi mwa zakale kwambiri za kabanja ka Homo.

Zonsezi ndi nthambi zimene zinapatukana kale. Pomwe munthu angaone mphukira zikutuluka ndi m'nyanja ya Malawi. Kampango, usipa ndi mpasa ndi za mabanja ena, ndipo chambo chili ndi mzere wakewake, koma mbuna, utaka, ncheni ndi zina zambiri, mitundu imene akuiyerekeza kuti ndi yoposa 800, zinachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosapitirira 1 miliyoni. Kafukufuku wa DNA wa mu 2018 anapeza kuti mitundu imeneyi ndi yosiyana pang'ono kwambiri, kuchepera kutali kusiyana kwa munthu ndi chimpanzi. Komabe ina imapala ndere pamiyala, ina imaphwanya nkhono, ina imadya mamba a zinzake, ndipo kaligono amagona chammbali pamchenga ngati wafa mpaka kansomba kachidwi katayandikira. Zazikazi zimasankha amuna potengera maonekedwe, ndipo mbuna za pa mulu umodzi wa miyala sizikonda kudutsa mchenga kupita pa wina, motero magulu amapatukana msanga. Nthawi zina mitundu iwiri imakwerananso, nthambi n'kulumikizana, zomwe zimavutitsa ojambula mtengo wa ubale. Mitundu mazana ikadalibe mayina a Chilatini. Mwa imene yapatsidwa posachedwapa, ina yatenga mawu a m'mphepete mwa nyanja momwemo: kabanja kena ka nsomba zoswana pamchenga kanatchedwa Mchenga mu 2006, ndipo kena ka mbuna kanatchedwa Chindongo mu 2016.